Ngodya zophunzirira zikasokonekera m'kalasi ya mkombaphala

Ku maphunziro a alezi nkhani ya ngodya imamveka yosavuta. Apa pakhale malembo ndi mabuku, apo manambala, uko zomangamanga, ana agawidwe m'magulu ndipo azisinthana. Mukafika pa sukulu panu, mphindi 5 zoyamba zimayendadi. Kenako wina walanda mnzake zitsekerero za mabotolo, wina akulira, atatu asiya gulu lawo akukukokani chitenje, "Madamu, ndamaliza!", ndipo ana omwe munakhala nawo pansi kuti muwaphunzitse liwu la m angoti kukamwa yasa, kudikira kuti mubwerere. Pakatha masabata awiri alezi ambiri amataya mtima. Ana onse amabwerera pamkeka umodzi, kuyimba a e i o u mpaka phala lipse.

Sindiwadzudzula otero, koma amataya chinthu chachikulu. Ana 50 akamayankha pamodzi simungadziwe amene wamva ndi amene akungogwedeza milomo. Magulu alipo kuti inu mupeze mpata wokhala ndi ana 5 kapena 6 n'kuwamva mmodzimmodzi. Ngodya zina zonsezo zimateteza mpata umenewo, ana enawo akuchita zowapindulira. Zomwe ndalemba pano ndalemba ndikuganizira sukulu zathu zam'mudzi, ma CBCC, komwe alezi ambiri ndi ongodzipereka, chipinda mwina n'chobwereka ku tchalitchi, ndipo zipangizo n'zotola. Wa sukulu yolipira m'tauni apezanso zake momwemu, poti ana a zaka 4 ndi amodzimodzi ku Area 47 ndi ku Nambuma.

Gulu lopanda mlezi likubalalika

Ili ndiye vuto lomwe limabala ena onse, ndipo nthawi zambiri silichokera ku mwano wa ana. Yambani ndi kudzifunsa kuti ntchito yomwe mwaika pangodyayo anawo anaichitapo kale muli pomwepo kapena ayi. Ngati akuiona koyamba lero, abwera kwa inu basi, poti wina woti awauze chochita palibe. Mwana wa zaka 4 sawerenga malangizo, ndipo zomwe mwafotokoza kamodzi mutaimirira kutsogolo zimakhala zitauluka iye asanafike pamkeka wake.

Ndiye chatsopano chilichonse chiyambire pagulu lomwe mwakhala inu. Masewera a makhadi a madontho, mwachitsanzo, sewerani ndi gulu lililonse sabata ino, kawiri kapena katatu. Sabata yamawa ndi pomwe makhadiwo asamukire ku ngodya yomwe kulibe wamkulu. Alezi ena amaona ngati kumeneku n'kubwereza zomwezomwezo. Ana aang'ono satopa ndi kubwereza monga timatopera akuluakulufe, ndipo luso limakhazikika pobwerezapo.

Ngati ntchitoyo akuidziwa koma akubalalikabe, yang'anani ngati ili yotha msanga. Kufananiza makhadi 5 ndi anzake 5 kumatha mphindi ziwiri, ndipo wamaliza aliyense amanyamuka kukakuuzani. Ikani ntchito zopanda pothera. Kuponya dayisi n'kutola zitsekerero zokwana madontho omwe agwa, kenako mnzako aponye, kumapitirira mpaka chitini chidzaze, akhuthule, ayambenso. Kuumba malembo ndi dongo nakonso sikutha, poti waumba a amaphwanya n'kuumba n. Pangodya iliyonse pakhalenso chachiwiri chodziwika kale choti womaliza achite, kaya ndi kujambula pasileti kapena kuona buku, kuti mawu akuti "ndamaliza" akhale ndi yankho lomwe silifuna inu.

Pali chachitatu chomwe ambiri amachidumpha chifukwa chofulumira. Kakhalidwe ka pangodya nako n'kophunzitsa, monga momwe mumaphunzitsira lembo. Masabata oyamba a teremu, makamaka mu Seputembala ana ali atsopano, musakhale ndi gulu lanulanu. Tsegulani ngodya imodzi yokha, onetsani katengedwe ka chitini, kakhalidwe, kalankhulidwe kotsitsa mawu, kabwezedwe ka zinthu. Itanani ana awiri achite ena akuonerera. Onetsaninso dala kolakwika, mumwaze zitsekerero pansi, ana akuuzeni chomwe mwalakwitsa. Amaseka ndipo saiwala. Ikakhazikika imeneyo tsegulani yachiwiri. Inu muzingoyendera ndi kuyamikira amene akuchita bwino, momutchula dzina ndi chomwe wachita. Zingatenge mwezi wathunthu musanakhale pansi ndi gulu lanu, ndipo mudzaona ngati nthawi ikutayika, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Wothamangira kutsegula ngodya 5 tsiku loyamba ndi amene amazitseka zonse mwezi usanathe.

Mukayamba kukhala ndi gulu lanu, ana afunika chizindikiro chooneka ndi maso chosonyeza kuti aphunzitsi ali pantchito. Duku la mtundu umodzi kapena chipewa chomwe mumavala nthawi yokhayo chimakwanira. Auzeni kuti duku likakhala kumutu, wosowa thandizo afunse mnzake wa pagulu. Zobwerera kwa inu zikhale zitatu zokha, wavulala, wadwala, kapena akufuna kuchimbudzi. Wobwera ndi zina musamuyankhe funso lake, ngakhale litakhala losavuta. Mulozereni dukulo ndi ngodya yake. Mukamuyankha mmodzi lero, mawa abwera 10. Ndipo khalani motsamira khoma, nkhope kuyang'ana chipinda chonse.

Chipwirikiti pa nthawi yosinthana

M'makalasi ena ngodya zimayenda bwino, koma nthawi yosinthana ikangokwana kumakhala piringupiringu, ndipo mphindi 10 zimapita musanawakhazikenso. Kawirikawiri chifukwa chake n'chakuti zinthu zitatu zaunjikidwa pa chizindikiro chimodzi. Kusiya, kulongedza ndi kusamuka n'zosiyana. Ng'oma ikalira koyamba, manja m'mwamba, maso kwa aphunzitsi. Kenako kanyimbo kolongedzera, komweko tsiku lililonse, zinthu zibwerere m'zitini. Ndipo pomaliza gulu limodzilimodzi linyamuke mukalitchula, ena ali chikhalire. Njira yozungulira isasinthe, lero kumanja mawa kumanzere ayi.

Chenjezani pasadakhale. Mwana amene ali pakati pomanga nyumba ya zitsononkho akamuuza mwadzidzidzi kuti asiye, amalira, ndipo ali ndi chifukwa. Mphindi ziwiri zisanakwane nenani kuti nthawi yatsala pang'ono.

Za utali wa nthawi, ana a zaka 4 ndi 5 ambiri amapirira mphindi 10 mpaka 15 pangodya imodzi, a zaka 3 zocheperapo. Yambani ndi mphindi 5 kapena 7, muziwonjezera. Alamu ya pafoni ithandize, poti mlezi amene gulu lake likuyenda bwino amaiwala nthawi, ndipo amakumbutsidwa ndi ndewu ya pangodya ina. Si lamulonso kuti mwana adutse ngodya zonse tsiku limodzi. Kusinthana kawiri pa tsiku n'kokwanira. Zotsalazo adzazifika mawa.

Chipinda chikakhala chopanikiza, ana asasamuke n'komwe. Akhale pamikeka yawo, zitini ndi matumba ndizo zizungulire, ndipo inu mupite ku gulu lotsatira.

Amaimba manambala mpaka 20 koma satha kupereka miyala 4

Apa ngodya imaoneka ya bata, makolo amasangalala, koma masamu palibe. Kutchula wanu, thuu, firii mondondoza ndi nyimbo. Kuwerenga zinthu ndi luso lina, ndipo limayesedwa mosavuta. Ikani zitsekerero 10 pamkeka, nenani kuti "Ndipatse 4." Wina adzakupatsani dzanja lodzaza. Wina adzawerenga pakamwa pakuthamanga chala chikutsalira, chitsekerero chimodzi kuchitchula kawiri, china kuchidumpha. Wina adzawerenga bwinobwino, koma mukamufunsa kuti "Ndiye zilipo zingati?" adzayambiranso pa 1, chifukwa sanazindikire kuti nambala yomaliza kutchula ndiyo ikunena kuchuluka kwa zonse. Ana atatuwa akusowa zinthu zosiyana, ndipo simungawasiyanitse ali m'chigulu.

Wothamanga pakamwa mupatseni ntchito yosuntha chinthu chilichonse akamachitchula. Thireyi ya mazira, ija ya mabowo 30, iduleni mizere, mwala umodzi bowo limodzi. Kukumba timaenje pansi ngati ta bawo kumagwiranso ntchito yomweyo. Woyambiranso uja muzimutsekera zinthuzo ndi dzanja akangomaliza kuwerenga, n'kumufunsa kuti pansi pa dzanja pali zingati. Musathamangire manambala aakulu. Mwana wodziwa bwino 1 mpaka 5, woona madontho 3 n'kunena kuti 3 osawerenga, wodziwa kuti 5 ndi 3 kuphatikiza 2, ali patsogolo pa woimba mpaka 50. Chichewa chimathandizanso pano, poti zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, ndi momwe zala zimachitira, dzanja lathunthu ndi zoonjezera. Gwiritsani ntchito mayina onse awiri, a Chichewa ndi a Chingerezi omwe akawapeze ku Sitandade 1.

Pangodya yopanda mlezi, kagolosale ndi kamsika zimagwira mtima ana. Wogulitsa aunjike milu ya timiyala itatuitatu ngati tomato, wogula alipire zitsekerero ziwiri pa mulu. Kusanja zitsekerero potsata mtundu, kundandalika timitengo kuyambira kakafupi mpaka kakatali, kupitiriza mndandanda wa chofiira, choyera, chofiira, choyera, onsewa ndi masamu ngakhale palibe nambala yolembedwa. Phada ndi wabwino kwa a zaka 5 ndi 6, koma aseweredwe panja.

Ngodya ya malembo yasanduka yokopera

Mwana angathe kudzaza sileti ndi a wokongola osadziwa kuti lemboli limalira bwanji. Mukaona kuti ntchito ya pangodyayi ndi kukopera basi, bwezerani makutu patsogolo. Kuomba m'manja maphatikizo a mayina n'poyambira pabwino, Chi-so-mo katatu, Ta-ma-nda-ni kanayi, ndipo Chichewa chimalola bwino zimenezi chifukwa pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa a, e, i, o kapena u. Kenako thumba la zinthu zoti asanje potsata liwu loyamba.

Posankha zinthuzo samalani. Pa liwu la m tengani mango, makala, madzi, mazira. Mbale, mphasa ndi mtondo zidikire, chifukwa m wake wagundana ndi lembo lina ndipo khutu la mwana silimupatula msanga. Pa k tengani kapu, kiyi, kalulu. Khasu ndi khoswe ayi, poti kh ndi liwu lina. Zolakwa zambiri za pangodya iyi zimachokera m'thumba lomwe mlezi walongedza mofulumira.

Chisokonezo china chimabwera ndi nyimbo ya alifabeti ya Chingerezi. Mwana waphunzira kuti lembo e dzina lake limamveka ngati i, lembo a limamveka ngati e, kenako inu mukumuuza kuti a ndi a. Akasokoneza mavawelo musamuyese wogona. Wapatsidwa mayina awiri pa chinthu chimodzi popanda womuuza kuti ndi zinenero ziwiri. Patulani nthawi. Pangodya ya malembo pakhale maliwu a Chichewa okha, Chingerezi chikhale ndi nthawi yake ya nyimbo ndi kulankhula. Kuyambira mu 2016 sukulu za pulayimale za boma zimatsata ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsira kuwerenga, yomwe imayambira pa maliwu a malembo ndi kuwaphatikiza, ndipo malembo sayenda motsata alifabeti. Aphunzitsi a Sitandade 1 amautchula mndandanda woyambawo kuti ANIKUMETO. Mlezi amene wayamba ndi a, n, i, k, u, m amapatsa ana mwayi wopanga mawu enieni msanga, monga ana ndi amama, komanso ine akafika pa e, ndipo akalowa Sitandade 1 ali ndi zaka 6 sakaona zachilendo. Pitani mukacheze ndi mphunzitsi wa kalasi imeneyo pa sukulu yoyandikana nanu, muone buku lomwe akugwiritsa ntchito.

Kulemba kuyambire pamchenga wa m'lichero, padothi ndi kamtengo, ndi padongo. Pensulo ndi mizere yopapatiza ya m'kope zimalemetsa dzanja lomwe silinakhwime. Khadi la dzina la mwana aliyense likhalepo tsiku ndi tsiku, poti lembo loyamba la dzina lake ndilo amaligwira msanga kuposa onse. Wotembenuza b ndi d, kapena wolemba 3 chagada, pa msinkhu uwu musade naye nkhawa.

Mabuku akang'ambika msanga, vuto ndi lomwe lija loyamba. Buku lomwe simunawawerengerepo amalimbirana n'kulitaya. Lomwe mwawerenga nawo kangapo amalitsegula okha n'kumafotokozerana nthanoyo potsata zithunzi.

Kulimbirana ndi kusowa kwa zipangizo

Mulu umodzi pakati pa ana 6 ndi ndewu. Gawiranitu, mwana aliyense kapena awiriawiri chitini chawo. Zomwe amazikonda kwambiri, monga dayisi, zikhale ziwiri kapena zitatu. Kamtengo kosemedwa mbali 6 ndi madontho a makala ndi dayisi wokwanira. Pachitini jambulani chithunzi cha zomwe zimakhalamo, ndipo gulu lililonse likhale ndi wosunga zinthu wa sabata imeneyo, udindo wosinthana. Zina zidzapitabe kunyumba m'matumba a malaya. Ikani bokosi lobwezera pakhomo popanda kukalipa, zambiri zimabwerera. M'chipinda chobwereka, momwe Lachisanu muyenera kuchotsa zonse, ngodya iliyonse ikhale ndi thumba lake, ndipo makhadi apachikidwe pachingwe m'malo momata pakhoma.

Pa zowerengera pali zoti musanyengerere. Mbewu ya chimanga yogula, ija yopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira, isalowe m'kalasi, ngakhalenso chimanga chothira mankhwala a anankafumbwe. Nthanga za nsatsi ndi poizoni. Nyemba ndi timiyala ting'onoting'ono ana a zaka 3 amaziika m'mphuno, m'khutu ndi m'kamwa, choncho gulu lawo lipatsidwe zazikulu, zitsononkho ndi zitsekerero zapulasitiki zotsuka bwino. Zachitsulo zimachita dzimbiri ndipo zimacheka. Thumba lomwe munali feteleza lichapidwe kaye.

Ana 60, alezi awiri

Magulu a ana 6 pa ana 60 ndi magulu 10, ndipo palibe angayendetse ngodya 10 zosiyana. Simukufunika zosiyana. Ntchito zitatu zokha, iliyonse pamikeka iwiri kapena itatu, zimakwana. Kapena gawani kalasi pakati, theka lipite pansi pa mtengo ndi mlezi mmodzi kukachita nyimbo, nthano ndi masewera othamanga, theka linalo likhale pangodya, kenako asinthane. Magulu a pangodya angakule kufika 8, koma lanu lisapitirire 6, apo ayi phindu lonse lapita. Kukumana ndi mwana aliyense kawiri pa sabata pagulu laling'ono n'kokwanira kuti muone kusintha.

Komiti ya sukulu ingathandize kupeza kholo kapena agogo okhala pangodya imodzi mosinthana, monga zimakhalira ndi ophika phala. Auzeni momveka kuti ntchito yawo ndi kuyang'anira ndi kulimbikitsa. Akapanda kuuzidwa, chifundo chimawachititsa kumugwira dzanja mwana n'kumulembera, kapena kutenga kamkwapulo.

Za kagawidwe, pangodya zopanda mlezi sakanizani ana, odziwa ndi ongoyamba, kuti pakhale wofunsidwa. Pagulu lanu itanani omwe akusowa chinthu chimodzi, ndipo mndandandawo uzisintha masabata angapo aliwonse. Mayina a magulu akhale a mitundu kapena nyama zosanyozetsa. Mukatcha ena akalulu ena afulu, ana amamva tanthauzo lake tsiku lomwelo, ndipo makolo amva madzulo. Kuti musaiwale amene ali pati, kope limodzi likwanira, mayina kumanzere, maluso ochepa pamwamba, chizindikiro mukaona ndi maso anu kuti wachita yekha. Kopelo limathandiza kwambiri m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene mvula, malungo ndi njala zimajombetsa ana, ndipo wobwerera patatha masabata atatu afunika kuyambira pomwe anasiyira.

Mwana mmodzi amene sakulowa m'gulu lililonse

Zonse zikayenda koma mwana mmodzi amangokhala ndwii, kapena amangosokoneza ngodya iliyonse yomwe wafika, musathamangire chilango. Onani nthawi. Ngati amavuta phala lisanafike n'kukhala bwino atadya, ndi njala, ndipo kungakhale kwanzeru kuika ngodya pambuyo pa phala. Muitaneni motsitsa mawu muli kumbuyo kwake. Wosatembenuka, kapena wotuluka mafinya m'khutu, apite kuchipatala. Woyandikitsa khadi kumaso akuvutika kuona, ndipo mwana wachialubino amafuna malembo aakulu akuda kwambiri, pamthunzi, pafupi ndi inu. Ku Mangochi, ku Rumphi kapena ku Nsanje mwana angakhale chete chifukwa kunyumba amalankhula Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena. Mukhazikeni ndi mnzake wa chinenero chake, ndipo malangizo muziwaonetsa ndi manja. Wotha zonse msanga naye amasokoneza chifukwa chotopa ndi zophweka. Mupatseni madayisi awiri m'malo mwa mmodzi.

Makolo akuti ana akungosewera

Dandaulo ili limabwera pafupifupi pa sukulu iliyonse, makamaka komwe makolo amalipira ndipo akufuna kuona kope lodzaza ndi mwana wolankhula Chingerezi. Kuwafotokozera pamsonkhano sikuwakhutiritsa kwenikweni. Aitaneni m'mawa wina adzaone ngodya zikuyenda. Mupatseni kholo zitsekerero 10, auze mwana wake kuti "Ndipatse 6," kenako abise ziwiri m'dzanja n'kufunsa kuti zatsala zingati. Muonetseni kope lanu lija, zomwe mwanayo ankatha mu Okutobala ndi zomwe akutha lero. Ofuna ntchito ya kunyumba apatseni yotheka popanda pensulo: mwana awerenge mbale ndi masipuni pokonzekera chakudya chamadzulo, apeze zinthu zitatu za m'nyumba zoyamba ndi liwu la sabata imeneyo, ndipo mawa abwere ndi zitsekerero 5 zapulasitiki zoti ziwonjezere m'zitini za kalasi.